Ndinaulula kwa Mnzanga wa Pemphero

1

Malaya a bambo ndinkawachapa pang'onopang'ono, ngakhale analibe litsiro. Anali atatu, onse oyera, a manja aatali. Ndinkayamba ndi kolala, kenaka m'khwapa, kenaka kutikita mozungulira mabatani, ngati kuti munthu wawavala sabata yonse. Ndikatha ndinkawayanika pa chingwe cha kutsogolo, chooneka kumsewu, osati cha kuseri komwe timayanika zathu.

Linali lamulo la amayi. Pakapita masabata awiri, malaya a bambo azioneka pa chingwe.

"Akuluakulu anabwera kodi?" mayi woyandikana nafe ankafunsa atatsamira mpanda.

"Anangogona tsiku limodzi," amayi ankayankha osaphethira. "Ntchito yawoyi siipatsa munthu mpata. Alawirira m'mawa."

Ine ndinkangoyang'ana m'beseni. Kunyumba amanditchula Chete. Dzinali anandipatsa ndi bambo, ati chifukwa ndinachedwa kuyamba kuyankhula, ndipo nditayamba sindinaone chifukwa chopitirizira.

Chaka chimenecho ndinali nditangomaliza sekondale, ndikudikira zotsatira za mayeso. M'nyumba tinalimo atatu: amayi, achemwali anga ndi ine. Bambo anali atachoka miyezi khumi ndi umodzi yapitayo. Kutchalitchi ndi kwa anansi tinkati anawasamutsira ku ntchito ina kutali. Kunja kwa nyumba yathu, amene ankadziwa zoona anali azakhali okha, mlongo wawo wa bambo, amene ndi telala.

Zoonazo ndikuuzani. Koma muyambe mwadziwa kuti achemwali anali ndi mphete pa chala, ndipo ukwati wawo unali wa Loweruka lotsatira Khirisimasi.

"Ukwati ukangodutsa tidzapuma," amayi ankatero. "Kufikira tsiku limenelo, pakamwa potseka." Akatero ankandiyang'ana n'kuseka. "Za uyu sindidandaula. Uyu ngakhale nyumba itapsa, angakuuzeni mawa lake."

2

Mpingo wathu uli ndi chizolowezi chake cha mwezi wa Disembala. Lamlungu loyamba aliyense amatola kapepala m'dengu. Dzina lomwe wapezalo ndi la mnzako wa pemphero, ndipo umamupempherera tsiku lililonse mpaka Khirisimasi popanda iye kukudziwa. Kumbuyo kwa tchalitchi kuli kabati ya timagawo, aliyense kake, momwe timasiya mabuku a nyimbo. Timakalata timadutsira m'menemo. Wopempherera amalemba ndi zilembo zazikuluzikulu kuti dzanja lake lisadziwike, wopemphereredwa n'kusiya yankho m'kagawo kake komweko. Pa Khirisimasi m'pamene aliyense amaimirira n'kukapereka mphatso kwa amene ankamupempherera, atamata kapepala ka dzina kaja pamwamba.

Timapepala ta chaka chimenecho ndinalemba ndine, chifukwa ndili ndi dzanja labwino. Anandituma ndi Mayi Wapampando, amene amatsogolera gulu la amayi ndi mapemphero a Lachitatu. Iwowa ndi amenenso ankayembekezeka kukhala apongozi a achemwali. Mwana wawo mmodzi yekhayo, woimba kiyibodi mu kwaya yathu, ndiye anawaveka mphete ija, ndipo ine ndinali nditayamba kale kumutchula alamu.

Ndinawapatsa timapepalato Loweruka, topindapinda, mu envulopu. Lamlungu anayenda ndi dengu mzere ndi mzere. Atamaliza, abusa anati, "Nanga inu mayi, simutola?"

"Changa ndatenga kale, abusa," anatero akusisita chikwama chawo. "Ndingadziiwale ndekha ine?"

Anthu anaseka. Ine ndinazimva monga ndimamvera zinthu zambiri, n'kuzisunga osadziwa kuti zidzagwira ntchito yanji.

Ine ndinatola dzina la agogo olondera pachipata cha tchalitchi. Sanavute. Nditawafunsa chowapempherera, anayankha ndi mawu amodzi: mawondo.

3

Kalata yanga yoyamba ndinaipeza titamaliza kuphunzira nyimbo.

"MWANA WA MULUNGU, NDAKUTOLA NDINE. NDIKUPEMPHERERE CHIYANI?"

Ndinayankha kuti mayeso. Patapita masiku awiri panabwera ina.

"ZA MAYESO NDAPEMPHERA. KOMA NDIMAKUONA UKAMAIMBA. PAKAMWA PAMAIMBA, MASO AYI. CHIKUKULEMERA N'CHIYANI?"

Kalata imeneyo ndinaiwerenga mpaka inayamba kung'ambika mopindamo. Inu amene mumayankhula mosavuta simungamvetse. Munthu wa chete amazolowera kuti anthu amamuona ngati mpando wa m'nyumba, umene umakumbukika pokhapokha wina akapunthwa nawo. Ndiye apa panali munthu amene anayang'ana m'maso mwanga. Ndinkaganiza kuti ndi aphunzitsi athu akale a Sande sukulu, mayi wofatsa amene anandiphunzitsa kupemphera ndili ndi zaka zisanu.

Alamu ndiwo ankasunga makiyi a tchalitchi mkati mwa sabata. Ankatidikira tonse tituluke kuti atseke.

"Mlamu wanga wa mawu okwera mtengo," ankandiseka, "wayang'ana m'kagawo kako? Mwina muli uthenga wochokera kumwamba."

Ndinkawakonda alamuwo. Anali munthu yekhayo amene akandifunsa funso ankadikira mpaka ndiyankhe.

Kalata yachitatu ndi imene inandithyola.

"MULUNGU SAFUNA MAPEMPHERO OCHAPA NDI KUSITA. NDIUZE ZENIZENI. ZIKHALA PAKATI PA INE, IWE NDI IYE."

Ndinakhala pa benchi yakumbuyo masana amenewo, dzuwa likulowera pa zenera, n'kulemba masamba awiri. Ndinalemba kuti bambo sali kuntchito, ali kuchipatala cha odwala maganizo. Ndinalemba mmene zinayambira, kuti anasiya kugona, kenaka anasiya kudya nafe, kenaka ankangokhala kuchipinda makatani otseka, kufikira tsiku limene anawapeza pokwerera basi opanda nsapato, akufunsa anthu njira ya kunyumba kwawo. Ndinalemba kuti madokotala akuti mankhwala akugwira ntchito, ndipo tikapita kukawaona amayamba ndi kufunsa kuti Chete ali kuti. Ndinalembanso chimene sindinauzepo munthu, kuti ndimaopa chifukwa ndimafanana nawo, nawonso anali a chete.

Pomaliza ndinati, "Chimene ndikupempha ndi chimodzi. Bambo adzadye nafe Khirisimasi."

Ndinapinda, n'kuika m'kagawo kanga. Pobwerera kunyumba thupi linali lopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ndinkaimba panjira, ine.

4

Patapita masiku asanu, Mayi Wapampando anabwera kwathu chakumadzulo. Azakhali anali pabalaza atagwada, mapini ali kukamwa, akuyeza m'munsi mwa diresi la ukwati limene achemwali anavala. Amayi anandituma kukakonza tiyi. Pamene ndinkabwerera ndi thireyi, achemwali anali atauzidwa kuti apite kuchipinda, diresi lili pa mpando.

"Tiyi ayi, mwanawe," anatero Mayi Wapampando osandiyang'ana. Anatembenukira kwa amayi. "Ndabwera ngati mlongo wanu mwa Ambuye. Bambo a kuno ali kuti?"

"Kuntchito."

"Mayi, tili m'mwezi woyera. Tisanamizane."

Azakhali anayamba kuchotsa mapini kukamwa, imodziimodzi.

"Sindikuweruza munthu," anapitiriza Mayi Wapampando motsitsa mawu. "Matenda sapemphedwa. Koma enawa amayenda m'magazi, ndipo ine mwana ndili naye mmodzi. Ukwati tiyambe taimika. Tipemphere kaye."

"Makadi tinagawa kale," amayi anatero.

"Makadi ndi mapepala."

"Wakuuzani ndani?"

"Ambuye ali ndi njira zawo zoululira zinthu."

Anapempha kuti tipemphere asanapite. Anapemphera okha. Chitseko chitangotsekeka, amayi anatembenukira kwa azakhali.

"Mayi Wapampandowa, diresi lawo la Khirisimasi akusoketsa kwa ndani?"

"Kwa ine. Nanga zikukhudzana bwanji?"

"Ndiye mukamawayeza m'chiuno mumayezanso nkhani za m'nyumba muno?"

"Amake Chete, ameneyo ndi mlongo wanga. Ndinamunyamula ndine kupita naye kuchipatala, inu mukulira pakhonde."

"Tinkadziwa anthu anayi. Ine sindinanene. Mwini ukwati sanganene. Uyu," anandiloza ndi mutu, "sayankhula ndi munthu. Watsala ndani?"

Azakhali anandiyang'ana. Sindikudziwa ngati ankafuna ndiwathandize kapena ankangosowa poika maso. Ine thireyi inali idakali m'manja. Pakamwa panga panatseguka, koma sipanatuluke kanthu.

"Tulukani m'nyumba mwanga," amayi anatero.

Azakhali ananyamula chikwama chawo cha ulusi. Diresi linatsala pa mpando, dzanja limodzi losasoka.

Ndinadzinamiza kuti si kalata yanga. Mwina wina anawaona bambo kuchipatala. Mwina mnzanga wa pemphero anangopempha wina kuti amuthandize kupemphera, nkhani n'kupulumuka. M'mawa mwake ndinalemba kakalata ka mzere umodzi: "Kodi munauzako wina?" Tsiku lotsatira kanali katatengedwa. Yankho silinabwere. Kuyambira pamenepo m'kagawo kanga munkangokhala buku la nyimbo.

5

Nkhani inayenda kudzera m'mapemphero. Lachitatu amayi a gulu anapempherera mokweza "banja lina la pakati pathu limene lamangidwa ndi mzimu wa misala," ndipo onse anadziwa banja lake. Mu kwaya, mtsikana amene ndinkagawana naye buku anayamba kubwera ndi lake. Mayi woyandikana nafe anasiya kufunsa za akuluakulu. Ankangoyang'ana chingwe chija n'kulowa m'nyumba.

Achemwali ankaimbira foni alamu kangapo pa tsiku. Yankho linali limodzi: tidikire mtima wa amayi utsike. Madzulo ena ndinawapeza atakhala pabedi, akuzunguza mphete pa chala.

"Bwera ukhale apa," anatero. Anatsamira pa phewa langa. "Azakhali ndinkawatenga ngati mayi anga. Bola iwe, Chete. Iwe sunapwetekepo munthu ndi pakamwa."

Ndikanayankhula pamenepo. Tinali awiri, chitseko chotseka. Koma ndinangowasisita kumsana, n'kuwalola andiyamikire.

Tsiku lina ndinadutsa pa shopu ya azakhali. Ndinawaona pa zenera atawerama pa makina, magalasi ali pamphuno. Ndinaima tsidya lina la msewu nthawi yaitali, kenaka n'kubwerera.

Kupemphera kunandikanika. Ndikagwada, mawu onse ankamveka ngati kalata ina imene ikagwere m'manja mwa munthu. Pemphero lokhalo limene sindinasiye linali la mawondo a agogo a pachipata, chifukwa ndinalonjeza, ndipo iwo sanandilakwire kanthu.

Loweruka lomaliza Khirisimasi isanafike ndinatenga beseni ndi malaya aja mwachizolowezi.

"Abwezere," amayi anatero. "Tikunamizanso ndani?" Anaima kanthawi pakhomo la khitchini. "Koma kutchalitchi tikapita, ndipo tikakhala kutsogolo. Sitinabe kanthu."

6

M'mawa wa Khirisimasi tchalitchi chinadzaza mpaka pakhomo. Anakongoletsa ndi mabaluni ndi mapepala onyezimira, ndipo ana a Sande sukulu anachita sewero lawo, abusa a nkhosa atamanga mataulo kumutu. Azakhali anakhala kumbuyo kwenikweni, okha.

Ulaliki utatha, abusa anatenga maiki. "Tsopano tione amene akhala akutinyamula mwezi wonsewu."

Anthu anayamba kuimirira mmodzimmodzi. Wolandira mphatso amayenera kuthokoza pa maiki, ndiye panali kuseka ndi kukumbatirana. Ine ndinakapereka masokosi kwa agogo a pachipata.

"Ndiwe kodi?" anatero. "N'chifukwa chake masiku ano ndikukwera masitepe ngati mnyamata."

Ndinabwerera pamalo panga n'kumadikira. Aphunzitsi a Sande sukulu aja anaimirira ndi kaphukusi. Anabwera molunjika mzere wathu, anandimwetulira, n'kupitirira kwa mayi wina wa kumbuyo kwanga.

Anthu ankatha. Kenaka Mayi Wapampando anaimirira, atavala diresi limene anasoka azakhali, atanyamula phukusi lokutidwa bwino ndi riboni. Ndinkaganiza kuti akupita kwina. Anaima patsogolo panga.

Pamwamba pa phukusilo panali kapepala. Dzina langa, lolembedwa ndi dzanja langa.

Changa ndatenga kale, abusa.

Sanatole m'dengu. Envulopu ija anagona nayo kuyambira Loweruka. Anatsegula timapepala timodzitimodzi mpaka anapeza dzina la mwana wa m'nyumba imene ankafuna kuisuzumira, mwana amene sayankhula ndi munthu. Kalata iliyonse, mawu aliwonse okoma aja, inali nyambo.

Anawerama ngati akundikumbatira. Ndinamva fungo la mafuta awo.

"Ndiwe mwana wabwino," anandinong'oneza. "Unachita bwino kunena zoona. Zikhale mmene tinapanganira, pakati pathu."

Sankaopa chilichonse. Akanatha kutuma wina kapena kudwala tsiku limenelo, koma anabwera okha, poyera, chifukwa ankandidziwa. Chete alandira, anena zikomo, akhala pansi.

Pamenepo ndinakumbukira china. Mayi Wapampando sabwera kutchalitchi masiku ophunzira nyimbo, koma makalata ankafika masiku omwewo. Ndinayang'ana ku kiyibodi. Alamu ankaimba kanyimbo kapansipansi koperekezera mwambo. Maso athu atakumana, zala zawo zinaphonya. Anaweramitsa mutu.

Abusa anafika ndi maiki, akumwetulira. "Chete, mawu awiri okha. Tikudziwa kuti ndi okwera mtengo."

Anthu anaseka. Amayi anali kumanja kwanga, achemwali kumanzere. Ndinaimirira, n'kulandira maikiyo.

7

Owerenga, ndisanakuuzeni zimene ndinanena, ndikuuzeni zimene zinatsatira, kuti musaganize kuti kuyankhula kunakonza zonse.

Ukwati sunachitike. Mphete achemwali anaivula okha tsiku lomwelo n'kuisiya pamwamba pa kiyibodi. Ine sanandiyankhule masabata atatu, ndipo anali ndi chifukwa. Chimene chinawapweteka si kalata ija, koma madzulo aja pamene anatsamira pa phewa langa ine n'kukhala chete. Amayi anapita kwa azakhali kukapepesa, atanyamula diresi lija. Azakhali anawalandira, koma mpaka lero akabwera kwathu amakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko. Ena mu mpingo amati ndinaononga Khirisimasi, mwana wosalemekeza akulu. Mayi Wapampando akadali pampando.

Bambo sanadye nafe Khirisimasi. Tinapita ndife kuchipatala m'mawa mwake, ife atatu ndi azakhali, titanyamula malaya atatu aja. Anavala amodzi pomwepo. Kolala inali itawakulira, koma anadziyang'ana pa zenera n'kunena kuti, "Ndani wakhala akuchapa? Ayera ngati sanavalidwepo." Anatuluka miyezi iwiri pambuyo pake. Masiku ano malaya awo amada, ndipo timawayanika kuseri pamodzi ndi athu.

Kutchalitchi sindinasiye. Ndinayesa, koma ndinaona kuti amene anandipusitsa si Mulungu. Kukhululuka ndiye ndikadali panjira, sindikunamizani. Masiku ena ndimafika patali, masiku ena ndikangomva fungo la mafuta aja ndimabwerera poyambira.

Chimene ndikukupemphani n'chakuti, munthu akakuuzani kuti mundipempherere, dziwani kuti wakupatsani chinthu chimene mwina sanapatsepo wina. Mukaona kuti simuchisunga, muuzeni asanatsegule pakamwa. Ndipo inu a chete anzanga, musamadzitame kuti simulakwira munthu. Ine ndinaima ndi thireyi m'manja azakhali akuthamangitsidwa, ndipo kukhala chete kumeneko kunali bodza lalikulu kuposa malaya a pa chingwe.

Tsiku lija la Khirisimasi mawu anga anatuluka aang'ono, moti abusa anandikankhira maiki pafupi ndi pakamwa. Ndinati:

"Bambo anga sali kuntchito. Ali kuchipatala cha odwala maganizo, ndipo akupeza bwino. Amene anaulula si azakhali, ndine. Ndinalembera mnzanga wa pemphero, chifukwa anandiuza kuti zikhala pakati pa iye, ine ndi Mulungu. Azakhali, amayi, achemwali, ndinakhala chete pamene ndimayenera kuyankhula. Mundikhululukire. Alamu, makalata munkanyamula ndinu, ndipo munkandikumbutsa kuti ndikayang'ane. Inu sindikufunsani kanthu."

Kiyibodi inali itasiya. Ndinatembenukira kwa Mayi Wapampando, n'kuwabwezera phukusi lawo m'manja.

"Mayi, mphatso yanu nayi, sindinapemphe imeneyi. Ndinakulemberani masamba awiri, koma chimene ndinapempha chinali chimodzi, kuti bambo adzadye nafe lero. Zina zonse munazigwiritsa ntchito. Ndiye ndiuzeni pamaso pa anthu awa, ndi pamaso pa Mwana amene tamuimbira m'mawa wonsewu. Chimodzi chijacho, munapempherako ngakhale kamodzi?"